Achimwene, Kameneko N'kachiyani?

Mtauni muno mwayamba kuoneka anthu oyenda ndi kachipangizo kopyapyala, kotuwa, kokwana m'dzanja limodzi, kamene ntchito yake ndi kuwerengerapo mabuku basi. Kamatchedwa e-reader, ndipo kodziwika kwambiri ndi Kindle ya kampani ya Amazon, ngakhale kulinso kena kotchedwa Kobo kamene kanayambira ku Canada. Ambiri amene ali nako sanakagule m'sitolo za kuno. Wina anamutumizira ndi mlongo wake wa ku London, wina anabwera nako kuchokera ku Johannesburg, wina anakatola motchipa pamsika, pakati pa matchaja ndi mafoni akale, chifukwa wogulitsa ankaganiza kuti ndi tabuleti yowonongeka poona kuti sikaonetsa mitundu.

Eni ake tizipangizoti sadziwana, koma mukakhala nawo pansi onse akusimba zofanana, akuseka. Anakapeza kuti aziwerenga mwakachetechete, koma kakuwapezera anthu ocheza nawo kulikonse kumene akatulutsa. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Munthu akanyamula buku la pepala, chikuto chimamuyankhira: woyandikana naye amawerenga mutu wake, n'kukhutira. Akatulutsa foni, palibe amadabwa, ndipo kusuzumira pafoni ya mnzako ndi mwano. Koma kameneka kalibe chikuto, ndiponso si foni. Wofuna kudziwa sangachitire mwina koma kufunsa, ndipo anthu a kuno sachita manyazi kufunsa, pajatu safunsa anadya phula. Nazi zina mwa zimene zikukambidwa.

M'minibasi

Nkhani zambiri zikuchokera m'minibasi, kumene anthu amakhala mothithikana moti chimene chili m'manja mwa mmodzi chili m'maso mwa anayi. Mnyamata wina wogwira ntchito ku Limbe akuti kondakitala anamuyang'ana nthawi yaitali, ndalama zili pakati pa zala, kenako anayamba kumufunsa ngati pabwalo la milandu.

"Bigi, kameneko kamalowa WhatsApp?"

"Ayi."

"Mpira mumaonerapo?"

"Ayi."

"Nanga kuimba kamaimba?"

"Ayi, n'kowerengera mabuku."

"Aaa bigi, akuberanitu. Akubwezereni ndalama zanu."

Minibasi yonse inafa ndi phwete. Mayi wina wa dengu la tomato anamuikira kumbuyo mnyamatayo: "Musiyeni mwana wa eni, mwina ndi kowerengera mita ya madzi." Bambo wa kumpando wakumbuyo anati iye akukadziwa bwino, ndi kamene amayenda nako a kalembera, ndipo anayamba kutchula dzina la mfumu ya kwawo asanafunsidwe.

Koma nkhani imene yafala kwambiri ndi ya mtsikana wina amene ankawerenga paulendo wochokera ku Zomba. Iye sankadziwa kuti bambo amene anakhala naye pafupi akuwerenga naye limodzi kuyambira pa Namadzi. Atagogoda pagalasi kuti atsegule tsamba lina, bamboyo anamugwira pachigongono mwaulemu: "Pepani achemwali, tabwezani pang'ono, ine sindinamalize." Anawerengera limodzi mpaka ku Limbe, ndipo potsika bamboyo anafunsa ngati mkazi wa m'nkhaniyo anabwerera kwa mwamuna wake. Atauzidwa kuti nkhaniyo idakali pakati, anapukusa mutu ngati wasiyidwa ndi basi, n'kulemba dzina la bukulo kuseri kwa risiti.

Padzuwa la pa depoti

Pa depoti chimene chimawaimitsa anthu ndi dzuwa. Aliyense amadziwa kuti masana a Okutobala foni siwerengeka. Munthu amachita kuiphimba ndi dzanja, kutsinzina diso limodzi, kufunafuna mthunzi. Ndiye akaona wina atakhala pabenchi, dzuwa likuswa mtengo, akuwerenga bwinobwino pagalasi, amayandikira. Woitanira wina anachita kusiya ntchito n'kunena kuti zilembozo anachita kumata, mpaka pamene anaona zikusintha.

Chinsinsi chake chili m'galasimo. Luso lake limatchedwa E Ink, ndipo linayambira pa yunivesite ya MIT ku America. Kampani yake inakhazikitsidwa mu 1997. Pansi pa galasi pali timatumba tambirimbiri tosaoneka ndi maso, ndipo m'kathumba kalikonse muli tinthu toyera ndi takuda. Mphamvu ya magetsi ikadutsa, tina timakwera pamwamba, tina timatsika, ndipo zilembo zimapangika. Zikatero zimakhala pomwepo popanda kudyanso batire. Galasi lake limadalira kuwala kochokera kunja monga limachitira pepala, n'chifukwa chake dzuwa likachuluka zilembo zimaonekeratu bwino.

Mphunzitsi wina atayesa kulongosola zimenezi pa depoti ya Wenela, agogo amene ankadikira basi ya ku Mulanje anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati: "Ndiye kuti mwabwerera ku sileti yathu ija. Ife tinkafufuta ndi malovu, inu mukufufuta ndi chala." Palibe amene anatsutsa, ndipo mphunzitsiyo akuti tsopano akafunsidwa amangoyankha ndi mawu a agogowo.

Pometera

Ometa tsitsi ali ndi maganizo awoawo, makamaka amene amatchajanso mafoni a anthu. Mmodzi wa ku Ndirande anafunsa kasitomala wake kuti amatchaja kangati patsiku. Atamva kuti kamodzi kamakwana masabata angapo, anazimitsa makina, n'kumuyang'ana pagalasi: "Madala, zimenezi musamazinene mokweza muno. Mafoni akatengera khalidwe limeneli ife tidya chiyani?"

Zimene ananena kasitomalayo n'zoona. Popeza batire imagwira ntchito kwenikweni potsegula tsamba, kachipangizoka kamatha masabata kasanatchajidwe. Kuyambira mu 2012, pamene Kindle Paperwhite inatuluka, tambiri tili ndi kuwala kwakekwake kowalitsa tsamba usiku. M'dziko limene magetsi amathima nthawi yosayembekezeka, mfundo imeneyi ndi imene imawakhazika pansi anthu. Amene ankaseka kuti sikaimba amayamba kufunsa mwachidwi. Mayi wina amene mwana wake akukonzekera mayeso a Fomu 4 anafunsa kawiri: "Mukuti popanda kandulo? Popanda tochi?" Atatsimikiziridwa anakhala chete, akuwerengetsa mumtima ndalama za makandulo a chaka chonse.

Pamzere wa kubanki

Mizere yaitali ya kumapeto kwa mwezi ndiyo imabala mikangano yeniyeni, chifukwa anthu amakhala ndi nthawi. Funso loyamba limakhala lakuti muli mabuku angati. Kindle yoyamba, imene inatuluka mu Novembala 2007, inkasunga mabuku pafupifupi 200. Zamasiku ano zimasunga masauzande. Munthu akayankha choncho, pamakhala wina wopempha kuti akanyamule. Amakayesa m'dzanja, kukatembenuza, kukayang'ana m'mbali, kenako n'kubweza akunena kuti, "Mabuku onsewo osalemera?"

Pamzere wina ku Lilongwe, bambo wopuma pa ntchito yauphunzitsi anakumbutsa anthu za moto umene unapsereza laibulale ya Mzuzu University mu Disembala 2015, pamene mabuku pafupifupi 45,000 anasanduka phulusa usiku umodzi. Iye anati mabukuwo akanakhala kuti anasungidwanso m'makompyuta, ophunzira sakanasowa pogwira. Anthu anavomereza, ndipo aliyense anaonjezera mdani wake wa buku la pepala. Wina anatchula chiswe, wina denga lodontha, wina ana ong'amba masamba kuti apange ndege. Mayi wina anati buku lake la Chingerezi analipeza pamsika masamba ake akukulungira mtedza. Koma mdani amene onse anagwirizana kuti ndi woopsa ndi mnzako wobwereka. "Akati ndibweza Lachisanu," anatero bambo wina, "mungoliwerengera m'gulu la omwalira."

Apa mnyamata wa ku koleji analowererapo kuti nakonso kachipangizoka kali ndi mbali yake. Anasimba zimene zinachitika mu 2009, pamene Amazon inafufuta mabuku a George Orwell, 1984 ndi Animal Farm, m'ma Kindle a anthu amene anali atagula kale, chifukwa amene anawaika pamsika analibe chilolezo. Anthu anabwezeredwa ndalama, koma mabuku anachoka eni ake ali m'tulo. Mzere wonse unaima mutu. "Ndiye kuti mwini sitolo angalowe m'chikwama changa ali ku America?" anafunsa mayi uja wa mtedza. "Bola chiswe, chimenecho ndimachiona." Mkanganowo unatha pamene mlonda anaitana anthu asanu otsatira, koma awiri anapatsana manambala kuti adzapitirize.

Kunyumba ndi kutchalitchi

Kusowa kwa chikuto kwabweretsanso timilandu ting'onoting'ono. Bambo wina akuti akazi ake anamuona akumwetulira yekha usiku, maso ali pagalasi, ndipo anafuna kudziwa amene akumuseketsa. Anawapatsa kachipangizoko kuti afufuze okha. Anafufuza, sanapeze uthenga wa munthu, koma anapeza nkhani ya wapolisi wofufuza milandu, ndipo mpaka lero bamboyo amachita kupempha kuti abwerekeko.

Kutchalitchi nako kunali kunong'onezana pamene mtsikana wina anakatulutsa nthawi ya kuwerenga mawu. Mkulu wa mpingo anamuyandikira mapemphero atatha, nkhope ili yokonzeka kudzudzula, koma anapeza kuti pagalasipo pali Masalimo. Anafunsa ngati muli Baibulo lonse, kuchokera ku Genesis mpaka Chivumbulutso. Atamva kuti lilimo, anati iye anakulira Buku Lopatulika la chikuto chakuda, limene makolo athu analilandira lathunthu mu 1922, ndipo sangalisiye. Koma anapempha kuti aone mmene amakulitsira zilembo.

Kukulitsa zilemboko ndi kumene kwakhudza mitima ya okalamba ambiri. Pabenchi la pachipatala china, agogo aakazi amene maso awo anafooka anafunsa mdzukulu wa eni ake chimene akuyang'ana. Mnyamatayo anatsegula Masalimo, n'kukulitsa zilembo mpaka mawu ochepa okha anadzaza tsamba. Agogowo anawerenga mokweza, pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere, ndipo benchi lonse linasiya kudandaula za kuchedwa. Atamaliza anati, "Mwanawe, ine ndimayesa ndinaiwala kuwerenga, kani ndi zilembo zimene zinachepa."

Nanga ndi zingati?

Macheza aliwonse amafika pa mtengo. Kindle yoyamba ija inkagulidwa madola 399, ndipo inatha m'sitolo ya Amazon m'maola asanu ndi theka. Lero yotchipa ili pa madola opitirira 100 pang'ono, osawerengera zotumizira. Mukatchula zimenezi pachiwaya, anyamata amayamba masamu nthawi yomweyo: wina amasintha kukhala matumba a chimanga, wina feteleza, wina lendi. Mmodzi anamaliza kuwerengetsa n'kunena kuti, "Aise, ine ndikakhala nako ndizigona nako pansi pa pilo."

Kugula mabuku ake nakonso kuli ndi chipsinjo, chifukwa kumafuna khadi la kubanki lotha kulipira kunja, pamene anthu ambiri anazolowera kulipira ndi Mpamba kapena Airtel Money. Koma eni tizipangizoti ali ndi yankho limene limawatsegula maso anthu: pali mabuku aulere, osaba. Project Gutenberg, imene Michael Hart anaiyambitsa mu 1971, ili ndi mabuku oposa 70,000 amene nthawi ya umwini wake inatha. Shakespeare amene ana athu amavutika naye kusekondale ali momwemo. Mawu a Chingerezi akakuvutani, mumangowadina ndi chala, tanthauzo lake n'kutuluka. Wophunzira wina atamva zimenezi anafunsa ngati angaloledwe kulowa nako m'chipinda cha mayeso, ndipo amalume amene anali pafupi anamuyankha ndi diso lokha.

Pamikangano yotere sipalephera kutuluka dzina la William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, amene anapanga makina a mphepo opangira magetsi ataona zithunzi m'buku la m'kalaibulale ka kumudzi. Anthu amati ngati buku limodzi lobwereka linachita zimenezo, nanga mwana wokhala ndi masauzande m'thumba angachite zotani? Ena amayankha kuti mwanayo ayambe wadya kaye. Onse awiri amanena zoona, ndipo n'chifukwa chake mkanganowu sutha.

M'basi ya ku Joni

Amene amayenda ulendo wa ku Johannesburg ali ndi nkhani zawo. Njira yodzera ku Mwanza, ku Tete, ku Nyamapanda mpaka ku Beitbridge ndi yaitali, ndipo mafoni ambiri amakhala atazima basi isanafike pakati pa Zimbabwe. Mayi wina wochita malonda akuti usiku wonse kuwala kunatsala pampando wake wokha. Woyandikana naye anafunsa kuti nkhaniyo ikuti chiyani. Anayamba kumufotokozera m'Chichewa, chapansipansi. Posakhalitsa a mpando wakutsogolo anatembenuka, a kumbuyo anaweramira kutsogolo, ndipo wina anakuwa kuti, "Amayi, kwezani mawu, kuno sitikumva." Anakhala akuwerenga ndime, kumasulira, anthu n'kumatsutsana ngati munthu wa m'nkhaniyo anachita bwino. Pa Beitbridge, pamzere wodinditsa mapasipoti, anthu ankamusungira malo kuti asatalikirane naye.

Funso limene limatsalira

Mukaika pamodzi nkhani zonsezi, mudzaona kuti zimayenda njira imodzi. Zimayamba ndi kachipangizo, batire, mtengo, koma sizithera pamenepo. Pakapita mphindi zochepa munthu uja amatsitsa mawu n'kufunsa: "Nanga a Chichewa alimo?" Ndipo asanayankhidwe amayamba kutchula mayina. Wina amafuna Sikusinja ndi Gwenembe la J. W. Gwengwe, wina Kukula ndi Mwambo. Wina amakumbuka Mkwatibwi Wokhumudwa la P. P. Litete, wina Njala Bwana la Willie Zingani. Achikulire amatchula Nthondo la Samuel Josiah Ntara, limene linapambana mpikisano wa mabuku a zinenero za mu Africa ndipo linatuluka mu 1933, kenako T. Cullen Young n'kulimasulira m'Chingerezi pa mutu wakuti Man of Africa. Nkhope zimawala. Anthu osadziwana amayamba kukumbutsana mmene nkhani inathera, mphunzitsi amene ankawawerengera m'kalasi, ndi mnzawo amene anasowetsa buku la sukulu n'kukwapulidwa.

Apa ndi pamene mwini kachipangizo amachita manyazi, chifukwa kawirikawiri yankho limakhala lakuti mulibe. Muli Dickens, muli Achebe, koma mabuku amene anatilera m'chinenero chathu sapezeka mosavuta m'misika ya mabuku a pakompyuta, ndipo ena ngakhale a pepala akusowa m'sitolo. Kondakitala uja amene ananena kuti bigi waberedwa akuti anafunsanso potsika kuti, "Koma Sikusinja mulibe?" Atamva kuti mulibe, anati, "Ndiye ndimanena zoona."

Timamva kawirikawiri anthu akudandaula kuti Amalawi sakonda kuwerenga. Macheza a m'minibasi ndi a pamzere akutsutsa zimenezi. Munthu wosakonda kuwerenga sangapemphe mlendo kuti abweze tsamba, sangalembe mutu wa buku kuseri kwa risiti, sangakumbukire dzina la munthu wa m'nkhani imene anawerenga ali Sitandade 8. Chimene chikusowa ndi mabuku ofikirika, pamtengo wofikirika, m'chinenero chimene anthu amasekera ndi kulirira. Ndipo sikofunika kuti aliyense akhale ndi Kindle. Buku likakonzedwa kuti liwerengedwe pa kachipangizoka, limawerengekanso pafoni, imene ili kale m'matumba a anthu ambiri.

Ntchito imeneyi ili ndi eni ake. Osindikiza mabuku ndi mabanja a alembi amene anatisiya ali ndi umwini wa mabukuwa. COSOMA ilipo kuti iteteze alembi kwa okopera mwakuba, ndipo National Library Service ili ndi nthambi m'mizinda yathu. Atakhala pansi n'kugwirizana njira yoti munthu agule Nthondo pafoni ndi ndalama ya m'manja mwake, mlembi kapena ana ake n'kulandirapo kangachepe, ogula alipo kale. Akhala akudzionetsa okha pa depoti, pometera ndi pabenchi la chipatala, popanda wowaitana.

Kwa inu amene muli ndi kachipangizoka, pempho ndi lakuti musanyinyirike wina akakudulani pakati pa chiganizo. Muyankheni, mumpatse akagwire, mukulitsireni zilembo, ndipo musaiwale kumufunsa buku limene iye analikonda ali mwana. Mutu umene akutchulireniwo muulembe, ndipo mukakumana ndi wosindikiza mabuku mumuuze kuti anthu akuufuna.